Kodi Kusiya Nchito Cifukwa ca Malipiro ndi Chimo?

Pa Ciweru cina, titatsiriza msonkhano wa acinyamata, mlongo wathu wina anatsalira pamene ena anali kubweza mipando m'chalichi. Anayembekeza kufikira onse atatuluka, ndiye anati: "Aceyamani, ndili ndi funso, koma conde musaliike pa mapemphero a gulu." Mlongoyu wakhala akuperekera cakudya mu lesitilanti ina ya m'tauni muno mu Lusaka kwa zaka ziwiri. Tsopano wacibale wina wamupezera malo ku Solwezi, m'nyumba yodyeramo anthu osewenza ku migodi, ndipo malipiro ake ndi okwera ndithu kuposa amene amalandira pano. Funso lake linali lakuti: "Ndikacoka, kodi Mulungu sadzandiona ngati munthu wothamangira ndalama? Amai aang'ono amene ndikhala nao akuti ndisunge khosi, mkanda woyera ndidzavala."

Anandilola kulemba nkhaniyi popanda kumuchula dzina, pakuti ndidziwa kuti pakati pa inu owerenga alipo ambiri amene funso lomweli likuwasowetsa tulo.

Inu amene mumangolowa mu lesitilanti kukadya, mwina simudziwa za kuseri kwa citseko ca kukhichini. Woperekera cakudya amadzuka kukali mdima kuti apeze minibasi yocokera kukomboni, amaimirira tsiku lonse, ndipo amaweruka pamene mabasi ayamba kusowa pamsewu. Cakudya cikacedwa, wokalipidwa ndi iye, ngakhale kuti sanaphike ndiye. M'caka ca 2024, pamene cilala cinatsitsa madzi ku Kariba ndipo malaiti anali kuzima maola ambiri pa tsiku, anthu anali kukalipira operekera cakudya ngati kuti ndiwo anatseka mvula kumwamba. M'malo ambiri mbale ikasweka amadula pa malipiro. Kasitomala akazemba osalipira, ngongoleyo imagwera amene anam'tumikira. Ndandanda ya masiku a nchito imasintha popanda kufunsa munthu, ndipo tsiku la Sondo, limene ife timati ndi la Ambuye, ndilo tsiku limene mabanja amadzaza matebulo. Mlongo wathuyu pa miyezi itatu yapitayi wapemphera nafe m'mawa wa Sondo kawiri cabe.

Zimenezi sindinazimve kwa anthu. Pamene ndinali ku koleji ndinatsukako mbale madzulo m'malo otere, ndipo fungo la mafuta okazingira mbatata silinali kucoka m'malaya ngakhale mutawacapa kawiri.

Tiyambe ndi mau akuti kupirira, cifukwa ndiwo amene timathamangira kuuza anzathu. Kupirira ndi khalidwe labwino, ndipo wacinyamata amene amasiya nchito iliyonse akangodzudzulidwa kamodzi sadzaphunzira kanthu. Koma ndaona kuti m'mipingo mwathu mau awa timawagwiritsa nchito ngati bulangeti lofunditsira zinthu zimene sitifuna kuziona. Munthu akulipidwa mocedwa, timati pirira. Akumudula ndalama popanda kumufotokozera, timati pirira. Nthawi zina amene amanena zimenezi ali ndi cikondi ceniceni ndipo akuopa kuti mwana wao angataye kang'ono kamene ali nako. Nthawi zina, tinene zoona, ndi cifukwa cakuti mwanayo akacoka, thumba la unga limene amagula pakutha pa mwezi lidzacoka naye.

Vesi limene limaopseza acinyamata ambiri ndi 1 Timoteo 6:10, limene limacenjeza za kukonda ndalama. Koma tsegulani tsamba limodzi kumbuyo m'kalata yomweyo. Pa 5:18 Paulo akunena kuti wanchito ayenera kulandira malipiro ake, ndipo pa 5:8 akudzudzula kolimba munthu wosasamalira a m'banja lake. Cilamulo ca Mose pa Deuteronomo 24:14-15 cimalamula kuti waganyu wosauka alipidwe tsiku lomwelo dzuwa lisanalowe, cifukwa moyo wake udalira pa ndalamayo. Yakobo 5:4 amanena za malipiro obisidwa a anthu okolola m'minda ngati cinthu cimene cimafuula kufikira Mulungu atamva. M'Baibulo malipiro ndi nkhani ya cilungamo. Wofuna kulipidwa moyenera sali pa gulu limodzi ndi wokonda ndalama. Bungwe la Jesuit Centre for Theological Reflection limawerengera mwezi ndi mwezi ndalama zimene banja la anthu asanu limafunikira mu Lusaka pa cakudya ndi zofunika zina, ndipo m'caka ca 2024 ciwerengeroco cinapitirira K10,000. Mtsikana amene malipiro ake safika ngakhale theka la ndalama imeneyo, akafuna kuonjezerapo pang'ono kuti mng'ono wake asakhale kunyumba cifukwa ca yunifomu, kodi tingamuche wadyera?

Munthu amene amandithandiza kwambiri pa nkhani iyi ndi Yakobo mwana wa Isake. Werengani Genesis 29 mpaka 31 ndi maso a munthu wa pa nchito, mudzadabwa. Yakobo anasewenzera Labani, amalume ake enieni, zaka 20: zaka 14 cifukwa ca ana aakazi awiri, ndi zaka 6 cifukwa ca ziweto. Pa zakazo Labani anamusinthira malipiro kakhumi. Nyama ikajiwa ndi cirombo, Yakobo ndiye anali kulipira, monga mmene mlongo wathu amalipirira tambula imene yagwetsedwa ndi mwana wa kasitomala. Usana dzuwa linali kumuwamba, usiku cisanu, ndipo tulo sanali kutiona. Cuma ca Labani cinaculuka m'manja mwa Yakobo, kufikira Yakobo anafunsa kuti nanga za nyumba yake ya iye mwini adzazisamalira liti (Genesis 30:30). Limenelo ndi funso lomwe lija la pa Ciweru, ndipo Baibulo silimuimba mlandu cifukwa colifunsa. Pamapeto pake ndi Mulungu mwini amene anamuuza kuti anyamuke abwerere kwao.

Koma onani zimene zinacitika asananyamuke. Poyamba anakambirana ndi Labani maso ndi maso, napangana za malipiro atsopano, ndipo anakhalanso zaka 6. Ambiri a ife timadumpha pamenepa. Timadandaula kwa anzathu kuseri kwa khichini, timadandaula pa minibasi, timadandaula m'mapemphero, koma abwana sanamvepo m'kamwa mwathu kuti tikupempha ciani. Mwina adzakana. Koma kukana kwao kudzakudziwitsani pamene mwaima, ndipo mukacoka mudzacoka mukudziwa, osati mongoganizira. Caciwiri, Yakobo anaitana Rakele ndi Leya kubusa nawafotokozera zonse, pakuti ulendowo unali kuwakhudza. Amene amadya pa malipiro anu, ndi amene adzakulandirani zinthu zikakanika, ayenera kumva nkhaniyi musanagule tikiti.

Tsopano ndilankhule mbali ina, imene acinyamata sitikonda kuimva. Ciwerengero ca malipiro cimanyenga. Tiyerekeze kuti pano mumalandira K2,500 ndipo kumeneko akulonjezani K3,500. Mtima umathamangira pa K1,000 ya pamwambayo. Koma pano mukhala ndi acibale, mumadya kamodzi ku nchito, ndipo masiku ena kasitomala wokoma mtima amakusiyirani kenakake patebulo. Ku Solwezi mudzafuna cipinda ca lendi, ndipo m'tauni ya migodi zipinda sizichipa. Mudzagula mbaula, makala, matiresi ndi mapoto. Maliro akagwa kuno, ndi ulendo wa tsiku lathunthu pa basi kudzera ku Kabwe, Kapiri Mposhi, Ndola, Kitwe ndi Chingola, ndipo kubwerera n'cimodzimodzi. Mukadwala malungo usiku, ndani adzakuphikirani phala? K1,000 ija ingathe kutha musanagule ngakhale sopo, ndipo mwezi woyamba, pamene simunafole, ndi pamene ambiri amagwera m'kaloba. Walira mvula walira matope.

Kuwerengera kumeneku sikuti nthawi zonse kumatsutsa kucoka. Pali zinthu zimene sizioneka pa ciwerengero koma n'zolemera. Lamulo lathu la za nchito, Employment Code Act la 2019, limanena kuti munthu wolembedwa nchito ya miyezi 6 kapena kuposerapo akhale ndi pangano lolembedwa, ndiponso kuti maola opitirira 48 pa sabata alipidwe mwapadera. Ndalama ya NAPSA imadulidwa 5 peresenti pa malipiro anu, abwana naonso amaikapo 5 peresenti, ndipo muli ndi ufulu wokaona ngati ndalamazo zimatumizidwadi. Lamulo la za malo ogona ndi odyera alendo la 2015 limanena kuti ndalama ya service charge, imene imaonjezedwa pa bilu ya kasitomala, igawidwe kwa anchito. Ngati kumene muli palibe pepala, palibe NAPSA, palibe chuti, ndipo service charge mumangoiona pa bilu, pamene kwinako zonsezi zalembedwa, kusiyana kwake n'kwakukulu kuposa K1,000. Koma zikhale zolembedwadi. Lonjezo la pa foni locokera kwa msuweni wa mnzanu si nchito. Funsaninso za nthawi yoyesedwa: lamulo limalola miyezi itatu, ndipo angathe kuionjezera ndi miyezi ina itatu. M'nthawi imeneyo angakucotseni atakudziwitsani kwa tsiku limodzi cabe. Safunsa anadya phula.

Palinso funso limene pepala silingayankhe: kodi cimene cakutopetsani n'ciani kwenikweni? Pali zowawa zimene ndi za nchitoyo, ndipo pali zowawa zimene ndi za malo amene muli. Miyendo yotupa, makasitomala amwano, kuthamanga pa nthawi ya cakudya ca masana, izi mudzazipeza kulikonse kumene anthu amadya, ndipo anthu ocokera mu mgodi ali ndi njala sadzakhala ofatsa kuposa a mu Cairo Road. Ngati ndizo mukuthawa, mudzafika nazo pamodzi, ndipo mwina cimene mufunikira ndi kusunga ndalama kuti muphunzire luso lina. Koma kudulidwa malipiro mobisa, kutukwanidwa pamaso pa anthu, kulipidwa pa 15 m'malo mwa pa 30, izi si za nchito ya lesitilanti. Ndi za munthu amene akuyendetsa malowo, ndipo zimasiyika.

Cinthu cimodzi sindifuna kuti cilowe m'masamu awa. Alongo, ngati abwana kapena kapitao akukugwirani thupi, kapena akukuuzani kuti masiku abwino a nchito amapatsidwa kwa amene "amamvera", musayembekeze kalata ya ku Solwezi kapena ya kwina kulikonse. Uzani munthu wamkulu amene mumam'khulupirira lero lomwe, ndipo nkhaniyo ikafike ku ofesi ya za nchito kapena ku polisi. Pamenepo palibe mkanda woyera umene mukusungira khosi.

Tsono ndifike pamene ine ndinalakwa, cifukwa ndipo pali mtima wa nkhaniyi.

Pa Cisanu cina ca kumapeto kwa mwezi, malo atadzaza, woyang'anira anandinyoza pamaso pa makasitomala cifukwa ca mbale imene inapita patebulo lolakwika. Sabata lomwelo ndinali nditalonjezedwa kanchito kena ka malipiro abwinopo m'sitolo. Ndinavula epuloni, ndinaiika pa kauntala, ndipo ndinatuluka osatembenuka. Pa minibasi ndinadzimva ngati Mose wotuluka mu Ejipito. Ndinafotokozera anzanga ku koleji, ndipo anandiombera m'manja.

Kukhichini kuja tinali kutsuka mbale awiri. Mnzangayo anali bambo wacikulire, wa msinkhu wa atate anga, amene anandiphunzitsa nchitoyo ndipo anali kundigwirira masiku anga pa nthawi ya mayeso. Usiku umenewo anatsuka yekha kufikira pakati pa usiku, anasowa basi, nagona pa masaka m'cipinda cosungiramo katundu. Kwa masabata awiri anagwira nchito ya anthu awiri pa malipiro a munthu mmodzi. Ndiponso tinali pa cilimba ca anthu asanu. Ine ndinali nditalandira kale, ndipo amene anali asanalandire anali iwo ndi mtsikana wina. Ndinabweza, koma mocedwa, ndiponso atacita kundilondola. Patapita miyezi tinakumana ku Soweto Market. Ndinati, "Atate, munandikwiyira?" Iwo anati, "Mwana wanga, kucoka unacita bwino. Iwe uli ndi sukulu, unayenera kucoka. Cimene cinandiwawa n'cakuti sunanditsazike."

Woyang'anira uja, amene ndinafuna kumulanga, sanataye ngakhale ngwee imodzi. Mkwiyo wanga wonse unagwera pa munthu amene anandicitira zabwino.

Ngakhale Yakobo pamenepa anapunthwa. Ananyamuka mobisa pamene Labani anapita kukameta nkhosa, Rakele anaba timilungu ta atate ake, ndipo Labani anawathamangira masiku 7 kufikira anawapeza ku mapiri a Gileadi. Ulendo umene Mulungu anaulola unatsala pang'ono kuthera m'mwazi, ndipo anafunikira kuunjika miyala ya pangano kuti asiyane mwamtendere. Makolo athu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo udzaupeza. Lusaka ndi wamkulu pa mapu cabe. Ophika ndi operekera cakudya amadziwana, ndipo amene mwamusiya m'mavuto lero ndiye adzafunsidwa za inu mawa.

Lamulo la 2019 lija limanena kuti pa pangano lopitirira miyezi itatu, nthawi ya notisi yothetsa nchito ndi masiku 30 ngati panganolo silinachule nthawi ina, ndipo wanchito akacoka apatsidwe cikalata coonetsa kuti anasewenza pamalopo. Wina adzati: "Abwana anga sanasungepo lamulo ngakhale limodzi, nanga ine ndisungirenji?" Funso limeneli n'lolemera ndipo sindilipeputsa. Alipo mabwana amene akangolandira notisi amayamba kufunafuna zifukwa zodulira malipiro omaliza, ndipo wanchito amaona kuti kuzemba atangofola ndiko kudziteteza. Ndikumvetsa. Koma ndinganene ziwiri. Coyamba, notisi yolembedwa, imene mwasunga kope lake, ndiyo imakupatsani mphamvu mukapita ku ofesi ya za nchito kukadandaula. Wozemba amafika kumeneko ali ndi mlandu wake. Caciwiri, masiku 30 amenewo simukupatsa abwana okha. Mukupatsa mnzanu wa pa sinki, kuti papezeke wina womuthandiza. Mukupatsa anzanu a cilimba. Mukudzipatsanso inu eni nthawi yoti mkwiyo uzizire, kuti muone ngati cosankha canu cikali canzeru pa Mande m'mawa monga cinaonekera pa Cisanu usiku.

Ndisaiwale inu amene mukuwerenga mukudziwa kuti kulibe Solwezi amene akukuitanani. Nchito n'zosowa, ndipo kunja kwa citseko kuli anthu khumi ofuna epuloni yanuyo. Kukhalabe pamalo ovuta cifukwa ana a mkulu wanu ayenera kudya si kupusa ndipo si kucepa kwa cikhulupiriro. Malangizo a pa Akolose 3:22-24, onena za kugwira nchito ndi mtima wonse monga kwa Ambuye, analembedwa kwa akapolo, anthu amene analibe ufulu wocoka, kuti adziwe kuti thukuta lao lili ndi wina amene amaliona. Sanalembedwe kuti akhale cikwapu m'manja mwa olemba nchito. Mavesi ocepa kutsogolo, pa Akolose 4:1, mabwana akuuzidwa kucitira anchito ao zolungama, pokumbukira kuti naonso ali ndi Mbuye kumwamba. Ena mwa eni malo odyera ndi akulu a mpingo amene timakhala nao pa Mgonero, ndipo ndikanakonda vesi limenelo litalalikidwa kawirikawiri monga mmene timalalikirira linzake lija.

Nanga mlongo wathu ndinamuyankha ciani? Ndiulule kuti mumtima ndinafuna kuti akhale. Ndiye msungicuma wa gulu lathu, ndipo ciyambire pamene anatenga mabuku sipanasowepo ndalama. Ndinatsala pang'ono kumuuza za kupirira, ndi mau okoma a m'Baibulo, pamene cimene ndinali kuteteza ndi mtendere wanga. Ndinadzigwira. Ndinamuuza kuti kufuna malipiro abwino si chimo, ndi kuti ngati adzakhala, asakhale cifukwa coopa kuti Mulungu adzamukwiyira. Ndinamupempha kuti aitanitse pangano lolembedwa, akhale pansi ndi amai aang'ono ali ndi pensulo ndi pepala, alankhule ndi abwana ake kamodzi momasuka, ndiponso kuti asasankhe kanthu pa tsiku limene wakalipidwa. Ndinamufotokozeranso za atate aja a pa sinki.

Pamene ndikulemba, kalata ya ku Solwezi yafika. Malipiro ndi omwe analonjeza, nthawi yoyesedwa ndi miyezi itatu, koma za malo ogona sanalembepo kanthu, ndipo wawalembera kufunsa. Abwana ake a kuno anamumvetsera, nati aganizapo. Kalata ya notisi walemba kale, ili m'Baibulo lake, yopanda deti. Pa Ciweru capitaci ndinamuona atakhala pa khonde la chalichi ndi mtsikana wina wa ku Matero, akumuonetsa mmene timalembera ndalama zolowa ndi zotuluka m'buku la gulu.